Dzino la Mkulu wa Kwaya

"Mwana wanga mwamuchotseranji pa salimo, alamu?" anakalipa wothandiza kugawa Ukaristia, atamugwira pakhosi mkulu wa kwaya kuseri kwa tchalitchi.

"Amaimba ngati chitseko chadzimbiri."

Chibakera chinatera pakamwa, dzino n'kugwera pa simenti. Belu la Misa litalira, aliyense anathamangira ku ntchito yake.

Mkulu wa kwayayo anatsogolera nyimbo ndi manja okha, akumeza magazi. Nthawi yolandira itakwana, anasiya dala mzere wa ansembe n'kulowa wa mlamu wake uja. Atafika kutsogolo sanatambasule manja ayi. Anagwada pamaso pa mpingo wonse nayasama, bala lili poyera.

Dzanja lotupa la mlamu wakeyo linayandikira pakamwapo.

"Thupi la Khristu."

"Amen, alamu."