Tayala Litaphulika pa Namwera

Tayala la njinga litaphulika pamsika wa Namwera, Eduardo, wothawa nkhondo ku Mozambiki, anayesa ndi mfuti. Analiyatsa liwiro.

"Wakuba uyo!" anakuwa Bashiru wogulitsa nyama, osadziwa n'komwe chimene chabedwa. Msika wonse unamuthamangitsa ndi zibonga, wina atanyamula mpando.

Anamupeza atabisala m'ngalande kuseri kwa munda wa fodya. Bashiru asanakweze chibonga, Eduardo anamukoka mwendo n'kumugwetsera m'matopemo.

"Gonani pansi achimwene, angakuoneni. Asilikaliwo alipo angati?"

Anthu anangoyang'anana. Eduardo anawawerenga ndi chala mmodzimmodzi, misozi ikulengeza.

"Mulungu ngwabwino, tonse tapulumuka. Kwathu ndinkathawa ndekha."

Wampando uja anautsitsa pang'onopang'ono n'kukhalapo.