Beseni la Apongozi

Kapu inamumenya pachifuwa, tiyi n'kuyenderera m'diresi.

"Choka!" anakuwa apongozi ake ali gone pabedi. Chidwalireni sitiroko, mawu okhawo ndiwo anawatsalira pakamwa, ndipo tsiku lililonse ankagwera iye, mkazi wa mwana wawo, yemwe ankawasambitsa ndi kuwatembenuza.

Mlamu wake, mwana wamkazi wa mayiwo, anaima pakhomo, Baibulo kukhwapa, kampango pamphuno.

"Pirirani, alamu. Mayesero ndi amene amakhwimitsa chikhulupiriro."

Apo ndiye wodwazika matendayo anapsa mtima. Anasolola beseni la mikodzo kunsi kwa bedi n'kumupatsira.

"Landirani, nanunso mukhwimeko. Si amayi anu awa?"

Mlamuyo anayang'ana beseni, kenako wotchi. Nsapato zake zinamveka ko! ko! ko! mpaka kugeti.

Wodwazika uja anayang'ana kudenga. "Ambuye, mukundimva? Ine ndatopa!"

Anatola kapu ija, kuitsuka, kuthiramo tiyi wina, n'kugwada pambali pa bedi.

"Choka," anatero apongozi, zala zawo zitakakamira pamkono wake.