Kabaji ka Pamsomali

"Kabaji kanu kakusonyeza kuti cheza cha nyukiliya sichinakukhudzeni," anatero dokotala wa kampani. "Matendawa mwawatenga kwina."

"Bambo a mwana, auzeni zoona!" mkazi wa wodwalayo anachonderera.

Mmisiri wowotcherera mapaipiyo anangoti zyoli, nkhama zikuchucha magazi. Kabaji koyeza chezako kakadzaza, munthu ankamuimitsa ntchito. Ndiye m'mawa uliwonse iye ndi anzake ankakoleka mabaji awo pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kulowa kung'anjo ya nyukiliya pachifuwa pali mbee.

Dokotala anapukuta kabajiko mokhutira.

"Mwana wanu akulowa m'malo mwanu mawa, eti? Atengere inu kusamala."

Mmisiriyo anatsinzina. Msomali uja anali atamulozera kale mwanayo.