Ketulo ya Nyenyezi Zisanu

Mayiwo anayamba kukalipa asanakhale n'komwe pa benchi ya chipatala. Kuseri kwa chitseko mdzukulu wawo wa zaka ziwiri ankalira mosadukiza, anamwino akumutsuka mwendo. Chogwirira cha ketulo yatsopano yamagetsi chinali chitazuka m'manja mwa amake, madzi owira n'kukhuthukira mwanayo kuyambira pabondo mpaka kuphazi.

Amake mwanayo, mwana wawo wamkazi yekhayo, anakhala kumapeto kwa benchi atazolika. Ketuloyo inali m'jumbo pakati pa mapazi ake, chifukwa adokotala anati akufuna kuiona.

"Munthu wamkulu ngati iwe, kugula chinthu pa intaneti ngati ukutola mwala panjira!" anatero mayiwo. "Unafufuza? Unafunsa ndani? Kapena unangoona kuti ikunyezimira, basi mtima dyokodyoko?"

Mtsikanayo anangozolikabe. Kuzolika kwakeko ndiko kunawapsetsa mtima kwambiri.

Kunena zoona, pa nkhani yogula zinthu pafoni mayiwa anali akadaulo. Anzawo akafuna nsapato kapena mbaula ankayamba afunsa iwo. Ankadziwa kukulitsa chithunzi mpaka msoko uoneke. Ankadziwa kuti wogulitsa wokana kujambula katundu kumbuyo ali ndi chimene akubisa. Ankanunkhiza bodza lili patali. Ndiye lero mwana wobereka okha achite zauchitsiru zotere? Zinawawawa mpaka m'mafupa.

Anasolola ketulo ija m'jumbomo n'kuigogoda ndi chala. Chitsulo chake chinali chopyapyala ngati chitini cha mkaka. Pamene panali chogwirira panatsala timabowo tiwiri ndi guluu wouma.

"Taona! Ngakhale wakhungu akanaikana. Anthu opanga zinthu zoterezi ngofunika kuwamanga, owathandiza kugulitsa nawonso chimodzimodzi. Koma woyamba kulakwa ndiwe. Mwanayu akapanda kuyendanso bwino, udzamuuza chiyani?"

Bambo wina amene ankadikira mankhwala anasuntha n'kukakhala kutali. Namwino anasuzumira pachitseko n'kupempha kuti achepetse mawu. Mayiwo anachepetsadi, koma ululu wa mawuwo sunachepe.

"Ulesi basi. Kuwerenga ndemanga za anthu amene anagula kale kumatenga nthawi yanji?"

Apa mtsikanayo anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira, koma osati ndi misozi yokha.

"Ndinawerenga, amayi. Sabata yonse ndinkawerenga. Zambiri sindinazikhulupirire, monga munandiphunzitsira. Ndinakhulupirira imodzi yokha."

"Ya chitsiru chiti?"

Mtsikanayo anatsegula foni n'kuwapatsa. Pansi pa chithunzi cha ketuloyo panali nyenyezi zisanu ndi mawu akuti: "Ndaigwiritsa ntchito chaka chathunthu. Chogwirira chake n'cholimba, ngakhale m'nyumba ya ana simungade nkhawa."

Pambali pa mawuwo panali kachithunzi ka mayiwo, akumwetulira. Anali ataiwaliratu. Ndemanga zotere ankalemba zambirimbiri ali m'basi, ogulitsa n'kumawatumizira mayunitsi, ndipo ketuloyo anali kuigwira koyamba lero.