Tsiku Limene Nkhanga Sanakuwe

Padangokhala, tili tonse, Nkhanga ankakhala pabwalo limodzi ndi nkhuku, ndipo ntchito yake inali kukuwa akaona kabawi.

Tambala atagula foni anati, "Achimwene, kukuwa n'kwachikale. Tonse tili pagulu la pafoni tsopano, muzingolemba."

"Khosi langa silisowa netiweki," anayankha Nkhanga. Koma nkhuku zonse zinamuseka, iye n'kugonja.

Kuyambira pamenepo foni sinkapuma. Kunkabwera moni, zithunzi za madeya, mikangano ya abakha. Nkhanga maso ankamuwawa, ndipo pabwalo panalibenso woyang'ana mnzake.

Tsiku lina masana Nkhanga anaona chithunzithunzi cha kabawi chikuzungulira. Anameza mfuu yake n'kuyamba kujompha zilembo chimodzichimodzi. Uthenga utafika, Thadzi anawerama kuti awerenge, ndipo kabawi anatsika n'kunyamula mwanapiye wake.

Mauthenga achipepeso anagwa ngati mvula, koma palibe anasuntha phazi. Nkhanga yekha anapita kukakhala pambali pa namfedwayo.

"Pepani, mayi," anatero.

Thadzi osadzutsa mutu anati, "Mulembe pagulu, ena aone."

Nkhanga anatula foniyo pansi n'kulowera kutchire. Mpaka lero amakuwa ali komweko. Nthano yathera pamenepo.