Mavu mu Mng'oma wa Njuchi

Padangotero, anthuni, padali a Mavu! Kachiuno ngati ulusi, kuyenda monyang'wa, timawu ta m'mphuno: "Nziii! Uchi wa kwa Njuchi, womwe uja!" Chonsecho Njuchi zidasamuka kalekale, iwo n'kulowa mumng'omamo, dzina osasintha.

Kudabwera Chiuli, kasitomala wakale, mwana wake akutsokomola mpaka mitengo kugwedezeka.

"Ndilaweko kaye, mwa nthawi zonse."

"Aaa, achimwene, dzinali simukulidziwa?"

"Ndikulidziwa. Koma mwanangayu sangachire ndi dzina."

Chiuli adakoleka zikhadabo pamng'oma, khungwa n'kuyamba kung'aluka. Atasuzumira, adaona zisa zouma gwaa ngati mapepala.

"Uchi uli kuti?"

"Musaswe, bwana, muli ana anga umo!" adalira a Mavu. "Dzinali tidangolipeza. Ife uchi sitidziwa kupanga."