Paketi Yosatsegula

"Katundu akatuluka sabwerera, achimwene," anatero mayi wa m'sitolo, akukankhira paketi ya matewera kwa bambo amene anaima pakauntala. "Kapena mwanayo wabadwa chimphona, amuchepera?"

"Sindikufuna ndalama, mayi. Mungondisinthira ndi mapadi a azimayi obereka kumene. Ndi mapanti."

Mayiyo anaseka. "Amuna nonse ndinu amodzi! Chikwama kudzaza ndi za mwana, mayi wake osamuganizira. Nanga mwanayo avala chiyani?"

Bamboyo anayang'ana pansi. "Sanalire. Amuika m'mawa uno. Mkazi wanga ali m'chipatala, akungopinda zitenje, magazi sakusiya."

Mayiyo anakankhira matewerawo kunsi kwa kauntala, n'kutsitsa mapadi aatali, okhuthala.

"Anawachita opaleshoni?"

"Eya."

"Ndiye mapanti akhale a thonje, ofika pamchombo, lasitiki isamakhule chilonda. Atengereni akuda, asamavutike ndi kuchapa. Amavala saizi yanji?"

Bamboyo sankadziwa. Anatambasula manja monga mmene ankamukumbatira mkazi wake sabata yatha. Kenako anayang'ana mpata umene unali pakati pa manjawo, ndipo anayamba kuwabweza pang'onopang'ono.

Mayiyo anamugwira pamkono.

"Musachepetse, achimwene, siyani pomwe munali paja. Mimba siiphwa msanga. Iyo sinamve kuti mwana kulibe."